Mmene Tinaphunzitsira Makina Kusankha Mtedza

Tsiku lomwe makina aja anafika kunali mphepo ya mwezi wa June, ija youma yochokera kuphiri, yong'amba milomo ndi kuulutsa makoko a mtedza pabwalo lonse. Dzuwa linalipo koma losatentha. Ndimakumbukira malata a shedi akugwedezeka, nkhunda zikulira padenga, ndi lole yaikulu yochokera kuchipata cha ku Zambia ikubwerera chammbuyo, mabuleki ake akupuma ngati ng'ombe yotopa. M'kati mwa shedi mtedza unkagwa pamathebulo monga mwa masiku onse. Kenaka phokoso lija linaleka, chifukwa amayi onse osankha mtedza anadzuka kudzaima pakhomo kuti aone chibokosi chamatabwa chomwe chinkatsitsidwa. Amayi anu anali pakati pawo, lichero lili m'manja.

Ana anga, Yosefe, Aginesi ndi iwe Tadala, pamaliro a amayi anu munandifunsa chifukwa chomwe anzawo a kuntchito sanabwerere. Sindinakuyankheni. Tsopano poti ndinapuma ntchito ndipo manja akadagwirabe cholembera, ndikuuzeni zonse mwa dongosolo lake.

Chaka chomwe ndinalembedwa ntchito

Za ubwana wanga kwa Kapondo mumazidziwa. Ntchito yanga yoyamba, ndisanakwatire, inali yonyamula matumba pa fakitale ya mtedza ya m'mbali mwa msewu wopita kuchipata. Nthawi imeneyo dzina loti fakitale linali longoikometsera. Panali shedi imodzi yaitali, sikelo, ndi makina akale oswa mtedza oyendera injini ya dizilo. Bwana wanga woyamba anali a Mkandawire, munthu wa kumpoto, wamfupi, wosaseka wamba. Tsiku loyamba anatapa mtedza m'thumba n'kundithira m'dzanja. "Luma," anatero. Ndinaluma. "Walira bwanji?" Ndinati sunalire. "Ndiye ndi wosauma umenewo. Wouma umalira pa dzino. Thumba limeneli ukalikhuthule padzuwa, ndipo usadzadikirenso kuti ndikuuze ine." Ndinawaopa zaka zingapo, kenaka ndinayamba kuwakonda osadziwa kuti zayamba liti.

Patapita nyengo ananditumiza kwa Zulu kukagula mtedza kwa alimi. Ndinkagona m'kanyumba komwe tinkasungamo sikelo, matumba ali mtsamiro. Kumeneko ndiko ndinadziwira za chuku. Anthu ena poswa mtedza ankauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke. Mtedza wotere ukagona m'thumba umachita chuku, ndipo chuku cha mtedza si chongonyansa m'maso. Ndi poizoni wodya chiwindi pang'onopang'ono, makamaka mwa ana. Alimi aja sindinkawaweruza, pakuti ndinaswapo mtedza ndi manja ine, ndimadziwa mmene chala chachikulu chimatupira. Komabe wonyowa ndinkaubweza. Ndinakhala kwa Zulu nyengo zokolola zingapo, mpaka a Mkandawire anandiitananso kuti ndikhale kapitao wa mu shedi.

Zaka za pamathebulo

Mtedza ukasweka unkathiridwa pamathebulo aatali amatabwa, amayi atakhala uku ndi uku. Wabwino unkapita m'lichero, wofwapa, wowola ndi wachuku unkagwera m'chitini cha pansi. Mukanaziona zala zimenezo. Pakamwa pali nkhani ya ukwati wa uje, maso ali kwa mnzake, koma zala zikuona zokha. Pathebulo lachiwiri, pafupi ndi zenera, pankakhala mtsikana wina dzina lake Esitere, wa mfunda wa Nambewe. Tsiku lina anandifunsa osadzutsa mutu, "A kapitao, mwaima nthawi yaitali pathebulo lino. Kodi mtedza wathu ndiye woipa kuposa wa ena onse?" Shedi yonse inaseka, ine n'kuthawira ku sikelo. Chaka chotsatira tinadalitsa ukwati ku tchalitchi chathu cha ku Kachebere.

Pambali pa amayi anu pankakhala a Nabanda. Palibe anawasankha kukhala mtsogoleri, koma akayankhula iwo nkhani inkatha. Anali amayi aakulu thupi, a mawu omveka kumsewu, amuna awo atamwalira kale n'kuwasiyira ana asanu. Ine ankanditchula kuti alamu, ndipo sankalola tsiku kudutsa osandinyogodola. "Alamu, malaya amenewa anasita ndani, mbuzi?" Iwe Yosefe, amene anakulandira pobadwa ndi a Nabanda, galimoto yopita kuchipatala itachedwa.

Amayi a pamathebulo anali ndi mwambo wawo. Mmodzi wa iwo akamwalira, osambitsa thupi ndi kuliveka sankakhala achibale okha. Anzake a pathebulo lake ndiwo ankatsogolera. Ankagona pa siwa, ankaphika, ankatunga madzi, ndipo thebulo limenelo linkakhala lopanda munthu mpaka maliro ataikidwa. A Mkandawire sankadula malipiro a masiku amenewo, ngakhale ankang'ung'udza. Amayi anu anasambitsa anzawo ambiri m'zaka zimenezo.

Mavuto analipo. Chaka cha njala chija ndinkapeza amayi akubisa mtedza wa m'chitini m'zitenje kuti akasinjire ana kunyumba. Sindinawaneneze. Ndinapita ndi a Nabanda kukapempha a Mkandawire kuti wosweka pakati koma wabwino azigawira amayi, wa m'chitini tizitentha. Pomaliza anati, "Mwandivutitsa, chitani." Nthawi ya kusowa kwa dizilo injini inakhala masabata osalira. Tinatulutsa mikeka pansi pa mango n'kumaswa ndi manja, amuna ndi akazi omwe, ndipo ntchito sinaime. Masiku amenewo anali a usiwa, koma ndi amene ndimawalota. Ndinkati ndikatembenuka ndili pa sikelo, ndinkaona amayi anu kuwala kwa pazenera kuli pamasaya.

Chaka chomwe Tadala analemba mayeso a Fomu 4

A Mkandawire anakalamba n'kubwerera kwawo, fakitale n'kugulidwa ndi eni ena. Anatitumizira manejala wachitsikana, mayi Kalua, wophunzira, waulemu, wosakweza mawu. Mtedza wathu tsopano unkapita kunja, wina kwa opanga chiponde chopatsa ana onyentchera m'zipatala, wina tinkapera tokha n'kuika m'mabotolo. Ogula ankafuna wambiri ndiponso woyera kwambiri. Anayamba kubweretsa malamba oyendetsa mtedza, kenaka makina oyeza ndi kusoka matumba okha. Anyamata onyamula anachepa. Pomaliza ndi pomwe panafika chibokosi chija cha tsiku la mphepo.

M'bokosimo munali makina aatali kuposa munthu. Mtedza unkalowa pamwamba n'kutsetsereka m'timipata tambiri. Pakati panali magalasi owala, omwe tinkangowatchula kuti maso, ndipo akaona njere yoipa kamphepo kankaiuzira pambali isanafike pansi. Wodzawalumikiza anali mnyamata wa ku Zambia dzina lake Mulenga, wokonda kuseka. Iye ndiye anandifotokozera chinthu chomwe sindinkachidziwa, choti makinawo amabwera osadziwa kanthu.

"Ba mudala," anatero, "iyi mashini ili monga mwana. Siiziba nshaba zanu za kuno. Muzaionetsa zabwino, muzaionetsa zoipa, ndiye izaphunzira. Mukainamiza, izankala yabodza mpaka kale." Nshaba ndi mmene kwawo amatchulira mtedza.

Mayi Kalua anandiitana mu ofesi. Anati Lolemba pafunika malichero awiri, lina la mtedza wabwino wokhawokha, lina la woipa wa mitundu yonse, osankhidwa ndi amayi odziwa kwambiri, kuti Mulenga aphunzitsire makina. Ndinawafunsa kuti makinawo akaphunzira amayi aja atani. Sananame. Anati adzatsala ochepa oyang'ana pa lamba womaliza, ena onse ntchito idzatha. Anayang'ana pansi ponena zimenezi. Sindinawaone ngati munthu woipa, ndipo mpaka lero sindiwaona choncho.

Loweruka pa nthawi ya nkhomaliro a Nabanda anandiitanira pansi pa mango. Amayi ena anakhala chapatali ngati sakumva.

"Alamu, khalani pansi, musaime ngati wapolisi," anatero. "Tamva kuti chinthu chanucho n'chopusa, chikudikira ife kuti tichiphunzitse kutichotsa ntchito."

Ndinavomera kuti ndi momwemo.

"Ndiye ife tapangana. Malichero tisankha, koma tisakaniza mochenjera. M'labwino tiponyamo wachuku uja wosaonekera msanga, m'loipa tiponyamo wabwino. Chisokonezeke. Ogula akabweza katundu kawiri katatu, eni ake achikweza pa lole chibwerere komwe chachokera. Inu chanu n'chimodzi, kulandira malichero osanunkhiza."

Ndinati, "Nanga mtedza wachukuwo usanabwezedwe, wina sukhala utalowa kale m'mabotolo? Adye ndani?"

"Ana a eni ake mukuwadera nkhawa," anatero a Nabanda. "Anga asanu aja adya chiyani mwezi wa mawa? Alamu, ine ndinakugwirirani mwana wanu ali ndi magazi. Sindinakupemphenipo kanthu. Lero ndapempha."

Ndinangoti ndamva.

Lamulungu pochokera ku Misa tinayenda pang'onopang'ono ndi amayi anu, ana inu muli patsogolo. Ndinawafunsa ngati anali nawo pa pangano lija. Anati analipo, ndipo sanatsutse, chifukwa mawu anawathera. Tinadutsa munda wonse wa chinangwa. Kenaka anati, "Abambo a Yosefe, ine zala zangazi sizinaponyepo wachuku m'lichero chiyambire. Sindikudziwa ngati zingavomere. Koma kapitao ndinu. Mukati ndisakanize, ndisakaniza, tchimolo tigawana." Ndinawafunsa ngati akudziwa chomwe chidzatichitikire tikakana. Anati, "Ndikudziwa kuposa inu. Amene ndimatunga nawo madzi ndine."

Ndinapemphera masana onse a tsiku limenelo. Sindinamve mawu aliwonse ochokera kumwamba. Ndinkangoona mwana wosamudziwa, wa miyendo yotupa, amake akumudyetsa chiponde ndi chala pokhulupirira kuti ndi mankhwala. Ndinkaonanso ana a a Nabanda, omwe ndinkawadziwa mayina onse.

Lolemba m'mawa a Nabanda anabweretsa malichero awiri n'kuwaika patsogolo panga. Anali osankhidwa mwaluso moti Mulenga kapena mayi Kalua sakanazindikira kanthu. Ndinawanyamula n'kukawaika pansi pa sikelo. Ndinauza a Nabanda motsitsa mawu kuti kwa bwana sindikanena dzina la munthu, koma malichero amenewa salowa m'makina. Anabwerera pamalo pawo n'kupinda manja, ndipo amayi onse anapinda manja. Ndinathira thumba latsopano pathebulo lachiwiri. Kwa kanthawi palibe anagwedezeka. Kenaka amayi anu anakokera lichero pafupi n'kuyamba kusankha okha. Mu shedi monse munkangomveka njere imodziimodzi ikugwera m'chitini. A Nabanda anali pambali pawo penipeni, mapewa akukhudzana, koma anayang'ana kukhoma mpaka malichero onse awiri anadzaza.

Makina anaphunzira bwino. Pofika madzulo ankasankha thumba m'kanthawi komwe thebulo lathunthu linkangoyamba kumene. Mulenga anasangalala n'kuuza amayi anu kuti maso awo tsopano ali m'kati mwa mashini. Ankayesa kuti akuwayamikira.

Zaka za lamba

Mwezi usanathe mathebulo anatulutsidwa panja. Pa amayi ochepa omwe anasungidwa, mayi Kalua anaikapo amayi anu. Iwo anakana. Anati sangaime pa lamba anzawo ali kunyumba. Ndinkayembekeza kuti zimenezi zifewetsa mitima, koma sizinatero. Anthu ankati n'zosavuta kukana ntchito mwamuna wako akulandirabe. Ena ankati tinagulitsa anzathu kuti ine ndikwezedwe. Pa mjigo amayi anu akafika nkhani inkaduka. Moni ankayankhidwa, koma wa pakamwa pokha. A Nabanda sanapondenso pakhomo pathu, ndipo mawu oti alamu sindinawamvenso kwa iwo.

Sindikufuna muganize kuti amayi aja ankakwiya popanda chifukwa. Ena anapita kukasankha fodya m'maesiteti, ena ankawoloka malire kukagwira ganyu m'minda ya ku Zambia, ena ankagulitsa mtedza wokazinga kwa madalaivala a malole pachipata. Mwana wamkazi wa a Nabanda, wanzeru uja munkaphunzira naye iwe Aginesi, anasiya sukulu n'kukwatiwa msanga. Zimenezi ndinkaziona ndi maso anga popita kuntchito m'mawa uliwonse.

Ine ndinagwirabe zaka zina. Ntchito yanga inasanduka yoyenda m'mbali mwa lamba, kupukuta fumbi pamagalasi, ndi kuitana anyamata a kompyuta nyali yofiira ikayaka. Mtedza unkatuluka woyera kuposa kale, izi sindingakane, ndipo sunabwezedwepo nthawi yanga yonse. Koma mu shedi munalibenso wondinyogodola. Magetsi akazima tinkangokhala pamatumba kudikira, pakuti panalibenso manja oti apitirize. Munthu akamwalira m'mudzi makina sankaima. Tinkapempha chilolezo mmodzimmodzi. Nthawi zina ndinkaima pomwe panali thebulo lachiwiri, kumvetsera timphepo tija tikuuzira njere zoipa, n'kumaganiza kuti chilichonse chomwe makinawo akudziwa anachitenga kwa mkazi wanga m'mawa umodzi wokha.

Amayi anu sanandidandaulirepo. Ankalima, ankapita ku mphakati, ankasankha mtedza wathu wa kumunda pakhonde. Koma ndinkaona kuti akamva kuti mnzawo wakale wa pathebulo wamwalira, ankapita kumaliro n'kukhala panja pamodzi ndi anthu wamba. M'nyumba ya siwa sankaitanidwanso.

Chaka chomwe amayi anu anatisiya

Matenda awo mukuwadziwa, munkasinthana powadikirira. Chomwe simukuchidziwa n'chakuti masana ena, inu mutapita kukagula mankhwala, anandifunsa kuti, "Kodi Nabanda akudziwa kuti ndikudwala?" Ndinati akudziwa. Kenaka anati, "Duku langa amadziwa kumanga ndi iyeyo. Enawa amalimbitsa pachipumi." Ndinatuma munthu kwa a Nabanda tsiku lomwelo. Anabwerako ndi yankho loti amva.

Atamwalira ndinakhala pakhonde maso ali kunjira. A mphakati anabwera, achibale a kwa Kapondo anabwera, mayi Kalua anatumiza galimoto. Wa pamathebulo sanaoneke ngakhale mmodzi. Azakhali anu anadikira mpaka dzuwa kupendeka asanayambe kusambitsa thupi, chifukwa ndinkawapempha kuti adikirebe pang'ono. Pomaliza duku unamanga ndiwe Aginesi. Ndi pamene munandifunsa funso lija. Ndinakwiya, ana anga. Sindinakwiyepo chotero m'moyo wanga. Chigamulo chinali changa, koma chilango anapatsa munthu amene anawasambitsira anzawo zaka zonsezo. Kwa miyezi yambiri, popemphera Atate Athu, ndinkafika pa mawu a kukhululukira aja n'kungoyendetsa milomo.

Chaka chatha, mvula itangoyamba, ndinamva kuti a Nabanda amwalira. Ndinali kumunda ndikubzala. Ndinamaliza mzere womwe ndinali nawo, kenaka ndinaima nthawi yaitali khasu lili m'manja. Palibe akanandidzudzula ndikanapanda kupita. Ndinabwerera kunyumba, ndinasamba, ndinatapa ufa m'beseni, n'kumanga mtolo wa nkhuni panjinga.

Nditafika anthu anayang'anana. Ndinapereka ufa ndi nkhuni kwa ophika n'kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi amuna. Pakhomo pa nyumba ya siwa ndinaona amayi a pamathebulo, omwe akadali moyo, atakalamba onse, ena akuyendera ndodo. Anali atasambitsa mnzawo monga mwa mwambo wawo. Mtima unandiwawa poona zimenezo, sindibisa. Nthawi ya chakudya mmodzi wa iwo, a Najere, omwe ankakhala moyang'anana ndi amayi anu, anabwera ndi beseni la madzi osamba m'manja. Anadutsa amuna ena onse n'kudzagwada patsogolo panga. Manja awo anali opindika zala, ngati a amayi anu m'masiku omaliza.

"Alamu, mwabwera," anatero.

"Ndabwera."

Anandithirira madzi. Kenaka anadzuka n'kupita kwa amuna ena. Ine sindinawafunse za maliro a amayi anu. Ndinakhala mpaka maliro anaikidwa, ndinaponya dothi m'manda, n'kubwerera kwathu ndikukankha njinga.

Sanapepese, ndipo mwina m'mitima mwawo akuonabe kuti wolakwa ndine. Chinthu chomwe ndinasankha Lolemba lija ndikanachisankhanso lero, ngakhale ndikudziwa tsopano mtengo wake ndi amene anaulipira. Inu mukakumana nawo amayi amenewa kumsika kapena pachipata, muziwapatsa moni ndi manja awiri, ndipo kukagwa maliro kwawo muzipita. Ine ndinawakhululukira.